Ululu Wosakwera pa Sikelo

Ife a kuno kwa Chimaliro, m'boma la Thyolo, tidakulira m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndipo tidazolowera kuti phindu la chinthu limadziwika ndi kulemera kwake. Mayi akathyola masamba kuyambira mbandakucha, dengu lake limakwera pa sikelo, kalaliki nalemba makilogalamu m'buku, ndipo malipiro amatsata nambala yomweyo. Tikapita kuchipatala, nakonso amatikweza pa sikelo, natiyeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi. Koma alipo katundu wina wolemera koposa, amene sakwera pa sikelo ina iliyonse: mantha ndi chisoni cha munthu amene wangouzidwa kuti ali ndi khansa.

Tiyeni tiyerekeze mayi wina wa zaka 40, wothyola tiyi, amene wakhala akutaya magazi kwa miyezi ingapo. Pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo amtumiza ku chipatala cha boma ku Thyolo. Kumeneko amtumizanso ku Gulupu, ndiye kuti chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Wabwerako ndi mawu a Chizungu olembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala, ndi botolo la mankhwala opha ululu. Koma usiku tulo sitibwera. Ana adzatsala ndi yani? Ntchito ikatha, chakudya chidzachokera kuti? Kodi bambo a kunyumba adzapirira fungo la matendawa, kapena adzanyamula chikwama kubwerera kwawo? Nanga ndani wandichita zoterezi? Mayi wotere sali yekha. Akatswiri a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse adawerengera kuti m'chaka cha 2020 amayi oposa 4,000 a muno m'Malawi adagwidwa ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo oposa 2,900 adamwalira nayo.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi ndani adaphunzitsidwa kukhala pansi ndi mayi ameneyu, ndi kumthandiza kusenza katundu wa mumtima? Yankho lake lili ndi mbiri, ndipo mbiriyo ikutiphunzitsa chinthu chimodzi: kumvetsera wodwala ndi luso lofuna maphunziro, monga momwe kubaya jekeseni kumafunira maphunziro.

Njira ziwiri zosakumana

Makolo athu ambiri, makamaka Alomwe, adafika m'dera lino kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nakhala pa malo a azungu mwa lamulo la thangata. Pa esiteti munthu ankawerengedwa chifukwa cha mphamvu zake. Wodwala nthenda yosapola adalibenso malo pa mzere wa antchito. Chimene chinkamtsalira kudali kugona m'nyumba ndi kudikira tsiku lake. Komabe sadali wosiyidwa. Anthu ankabwera kudzazonda matenda, amayi nasinthana kuphika phala, achikulire nachezera usiku pafupi ndi mphasa ya wodwalayo. Chuma chimenechi tisachipeputse. Koma tivomerezenso kuti pamodzi ndi chifundocho padali ula ndi kulozana zala, kotero kuti nthenda imodzi inkatha kusiya munthu mmodzi m'manda, mbumba yonse itagawikana.

Boma la atsamunda nalo lidali ndi njira yake. M'chaka cha 1910 lidapatula chigawo china cha ndende yaikulu ya Zomba kuti chikhale chosungiramo anthu ozungulira mutu, ndipo owayang'anira adali asilikali a ndende, osati anamwino. Chipatala chenicheni cha matenda a maganizo chidatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1953. Chifukwa cha chiyambi chotere, kutumizidwa ku Zomba kudayamba kumveka m'makutu mwa Amalawi ngati maunyolo ndi manyazi. Chisamaliro cha maganizo chidaoneka ngati cha anthu a misala okha. Munthu wongosweka mtima, wosaphwanya kanthu, wosavutitsa aliyense, adalibe khomo logogoda.

Ku mbali ya khansa, maso a madokotala adali pa chotupa. Mu 1961 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wochokera ku Ireland amene ankagwira ntchito ku Uganda, adayenda ulendo wautali pa galimoto ndi anzake awiri, nadzeranso muno m'Nyasaland, kufufuza madera kumene ana ankatupa nsagwada. Khansa ya ana imeneyo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake, ndipo ntchito yake idatsegula njira yoti ana ambiri achire ndi mankhwala. Tiyenera kuyamika. Koma taonani mmene zinthu zidakhalira: chotupa chinkapita ku Blantyre, misala inkapita ku Zomba, ndipo chisoni cha wodwala khansa chinkatsala panjira, chopanda mwini.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa

Tisaganize kuti vutoli lidali la ife tokha. Ku America, m'chaka cha 1961, dokotala wina dzina lake Donald Oken adafunsa madokotala anzake oposa 200 za chizolowezi chawo, ndipo 90 mwa 100 aliwonse adayankha kuti sakonda kumuuza wodwala kuti ali ndi khansa. Mu 1979 ofufuza ena atafunsanso funso lomwelo, 97 mwa 100 aliwonse adati amakonda kumuuza. Choncho kubisa matenda si mwambo wa Alomwe kapena Amang'anja okha ai. Ndi mantha a anthu onse. Ndiponso ndi chinthu chimene chingathe kusintha mumbadwo umodzi.

Mwa anthu amene adasintha zinthu, titchule amayi awiri. Woyamba ndi Cicely Saunders wa ku England, amene adayamba ali namwino, kenaka nakhala wothandiza odwala pa mavuto a m'mabanja mwawo, potsiriza naphunzira udokotala. Kuyambira mu 1958 adagwira ntchito pa St Joseph's Hospice mumzinda wa London, nyumba ya odwala mwakayakaya yoyendetsedwa ndi asisitere a chipani cha ku Ireland. Kumeneko ankakhala pambali pa bedi, kumvetsera ndi kujambula mawu a odwala pa tepi. Zimene adamva zidamphunzitsa kuti ululu wa munthu ndi wamphumphu: uli m'thupi, m'maganizo, m'banja ndi mumzimu, ndipo mbali zinayizi zimakokana. Wodwala wamantha amamva ululu woposa, ndipo ululu ukakula mantha nawo amakula. Mu 1967 mayiyu adatsegula St Christopher's Hospice, ndipo mmodzi mwa omthandiza adali Colin Murray Parkes, dokotala wa matenda a maganizo, amene ankaphunzitsa antchito ndi kusamala mabanja oferedwa.

Wachiwiri ndi Jimmie Holland, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America. Mu 1977 adakhazikitsa nthambi yoona za maganizo a odwala pa chipatala chachikulu cha khansa cha Memorial Sloan Kettering mumzinda wa New York, nayamba kuphunzitsa akatswiri a maganizo kuti aidziwe khansa, ndi akatswiri a khansa kuti awadziwe maganizo. Mu 1984 adayambitsa bungwe la padziko lonse la anthu ogwira ntchito imeneyi. Iye ndi anzake adapanganso kachida kapafupi kwambiri: chithunzi chonga cha choyezera kutentha kwa thupi, chokhala ndi nambala kuyambira 0 mpaka 10, pomwe wodwala amaloza kukula kwa nkhawa yake m'sabata yapitayo. Kachidaka sikachiza munthu. Ntchito yake ndi kukumbutsa wachipatala kuti afunse funso limene poyamba ankalidumpha. Motero katundu uja wosakwera pa sikelo adayamba kulembedwa m'buku.

Mliri wa Edzi udatitsegula maso

Nzeru zimenezi zidafika muno mu Afrika pang'onopang'ono. Bungwe loyamba la chisamaliro chotere lidali Island Hospice, loyambitsidwa mu 1979 mumzinda umene lero ndi Harare. Mu 1993 Dr Anne Merriman, amene kale adali sisitere wa chipani cha Medical Missionaries of Mary, adayambitsa Hospice Africa Uganda ku Kampala, nafalitsa mofini wamadzi, wosungunula kuchokera ku ufa, wotsika mtengo, amene wodwala angathe kumwa ali kunyumba kwake. Ichi chidali chinthu chachikulu, pakuti munthu wobuula ndi ululu simungakambirane naye za ana ake kapena za mantha ake. Ululu wa m'thupi ukagona, m'pamene mtima umayamba kulankhula.

Kwathu kuno chimene chidatikakamiza kuphunzira ndi mliri wa Edzi. Wodwala woyamba adadziwika m'Malawi mu 1985, ndipo m'zaka za m'ma 1990 boma la Thyolo lidali limodzi mwa maboma okanthidwa kwambiri. Pamodzi ndi Edzi idafala khansa ya Kaposi, ya mawanga akuda pakhungu ndi miyendo yotupa, youma ngati chikuni, imene ambiri a ife tidaiona ndi maso pa abale athu. Zipatala zitadzaza, magulu a m'mipingo ndi m'midzi adayamba kusamala odwala m'makomo. Bungwe la Médecins Sans Frontières lidafika ku Thyolo mu 1997, ndipo mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo mu 2003. Popeza madokotala adali ochepa, ntchito zambiri zidaperekedwa kwa anamwino, kwa alangizi a zaumoyo, ndi kwa anthu wamba ophunzitsidwa uphungu. Maiko ena adaphunzirapo kanthu pa boma lathu lino: munthu wa pamudzi, akaphunzitsidwa bwino ndi kuyenderedwa kawirikawiri, angathe kupereka uthenga wowawa mwaulemu, ndi kuyenda ndi wodwala mpaka mtima wake utakhazikika.

M'zaka zomwezo chisamaliro cha odwala matenda osapola chidayamba kuzika mizu m'zipatala zathu. Ku Gulupu kudatsegulidwa Umodzi, wosamala ana, mu 2002, ndi Tiyanjane, wosamala akuluakulu, mu 2003. Mu 2005 kudabadwa bungwe la PACAM, losonkhanitsa ndi kuphunzitsa ogwira ntchito imeneyi m'dziko lonse. Ku Salima, Lucy Finch, namwino wa kuno kwathu amene adakaphunzirako ntchitoyi ku Hospice Africa Uganda, adatsegula Ndi Moyo mu 2007. Ndipo mu 2014 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake ya chisamaliro chimenechi.

Nayo mbali ya matenda a maganizo sidagone. Abulazala a St John of God adafika ku Mzuzu mu 1993. Mwini dzina lawo, amene adamwalira mu 1550 ku Granada m'dziko la Spain, adatsekeredwapo yekha m'chipatala ngati wamisala, nalawa zikoti zimene zinkayesedwa mankhwala m'masiku amenewo. Atatuluka adapereka moyo wake ku ntchito yosamala odwala mwaulemu. Ana ake a ku Mzuzu adatsegula sukulu ya ukachenjede mu 2003, yophunzitsa anamwino ndi asing'anga a chipatala oona za matenda a maganizo, pamodzi ndi aphungu. Ichi chidali chofunika zedi, pakuti kwa zaka zambiri madokotala a matenda a maganizo m'dziko lonse lino ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Ndiponso ku Harare, kuyambira mu 2006, Dr Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kuthandiza anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Njira yake, yotchedwa Friendship Bench, idafika mpaka kuno ku Malawi.

Zimene wothandiza ayenera kuphunzira

Tsono tili ndi mitsinje iwiri: wina wa osamala odwala khansa, wina wa osamala maganizo. Mayi wathu uja wa kwa Chimaliro adzathandizika pokhapokha mitsinje iwiriyi itakumana mwa munthu mmodzi wokhala pafupi naye. Nanga munthu ameneyu ayenera kuphunzira zotani?

Choyamba ndi kaperekedwe ka uthenga. Wophunzitsidwa bwino amafuna malo a phee, nayamba wafunsa zimene wodwala akudziwa kale ndi zimene akufuna kudziwa. Amapereka choonadi pang'onopang'ono, monga mayi amwetsera mwana phala lotentha, ndipo misozi ikabwera sathamangira kuiletsa. Pali mabodza awiri amene amawapewa. Loyamba ndi loti, "Musadandaule, muchira posachedwa," pamene akudziwa kuti si zoona. Lachiwiri ndi loti, "Palibenso chimene tingachite," pamene ululu, fungo, kusanza ndi kusowa tulo zonse zili ndi chithandizo.

Chachiwiri ndi kusiyanitsa zinthu zitatu zofanana maonekedwe. Pali chisoni chachibadwa, chimene chimabwera ndi kupita, ndipo chimapepuka munthu akakhala ndi anzake. Pali nthenda ya kukhumudwa, imene imakhala masabata awiri kapena kupitirira osatsika: munthu sakondweranso ndi kanthu, ngakhale mdzukulu atamkhalira pamiyendo, amadziona ngati mtolo kwa abale, ndipo nthawi zina amaganiza zodzipha. Imeneyi ndi nthenda yochizika ndi uphungu ndiponso mankhwala. Apa namwino wa maganizo ayenera kuidziwa khansa, chifukwa kuwonda, kutopa ndi kusafuna chakudya, zimene mwa anthu ena zimaloza kukhumudwa, mwa wodwala khansa zingakhale zochokera ku khansa yomweyo. Ndiye palinso kusokonezeka mutu kwadzidzidzi: wodwala amabwebweta, osazindikira abale ake, kuona zinthu zimene palibe, makamaka usiku. Achibale amathamangira kunena kuti wapenga kapena walodzedwa. Koma kawirikawiri gwero lake limakhala m'thupi: majeremusi m'magazi, kuchepa kwa madzi, mphamvu ya mankhwala, kapena impso zimene zalephera chifukwa chotupa chatseka njira ya mkodzo, monga zimachitikira pa khansa ya khomo la chiberekero. Wotereyu afunika dokotala msanga.

Chachitatu ndi kulidziwa banja la kuno. Mabuku a ku London amakamba za wodwala ndi mwamuna wake. Kuno kwathu, kumene mwamuna ndi mkamwini, alipo mwini mbumba, alipo ankhoswe, alipo amayi aakulu ndi aang'ono, ndipo nthawi zambiri iwo ndiwo amayamba kunong'oneza namwino kuti, "Chonde musamuuze, angafe ndi maganizo." Wophunzitsidwa bwino sakangana nawo, pakuti akudziwa kuti pempholo lachokera m'chikondi. Amawafunsa chimene akuopa, nawaonetsa kuti wodwalayo thupi lake lidamuuza kale, ndi kuti chinsinsicho chikumsiya yekha pakati pa anthu. Kenaka, wodwalayo akalola, amaitanitsa msonkhano wa banja. Pamenepo zimakambidwa za ana, za munda ndi za katundu. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wamasiye pamodzi ndi ana, ndipo limaletsa kulanda katundu. Koma mayi amene wabisiridwa matenda ake walandidwa mwayi wonena yekha mawu ake otsiriza.

Chachinayi ndi kuyankha funso lija loti, "Ndani wandichita?" Phungu wanzeru salinyoza funsoli ndipo salivomereza, amafufuza mantha amene ali kuseri kwake. Amafotokoza momveka kuti khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kofala kwambiri pakati pa anthu, kamene kamakhala m'thupi zaka zambiri kasanaonetse kanthu, kotero kuti kusaka wolakwa m'banja kapena m'mudzi n'kungoonjezera bala pa bala. Amakumbutsanso kuti kuyambira mu 2019 katemera wa kachilomboka adayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse lino, ndi kuti amayi akayezetsa msanga nthendayi imapewedwa. Mayi amene wadziwa kuti ana ake aakazi angathe kupulumuka amagona ndi mtima wopepukirapo.

Chachisanu ndi kusamala wosamalayo. Kumbuyo kwa wodwala aliyense kuli womdwazika, kawirikawiri mwana wamkazi kapena mng'ono wake, amene wasiya sukulu kapena ganyu, namagona pa simenti m'chipatala. Naye amatopa, amakwiya, kenaka nadziimba mlandu chifukwa chokwiya. Anamwino nawonso, atatseka maso a anthu ambiri, mtima umatha kuuma. Maphunziro abwino amawapatsa nthawi yokhala pamodzi ndi kutula nkhawa zawo. Mutu umodzi susenza denga.

Mbali yathu

Nthawi yathu ino ntchitoyi yakula. Kwa zaka zambiri wofuna chithandizo chootcha khansa ndi makina ankayenera kupita kunja kwa dziko. Makina otere adayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024, ndipo chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chidatsegulidwa mu 2025. Ndi nkhani yabwino, koma walira mvula walira matope. Wodwala wa kwa Chimaliro adzakhala masabata angapo kutali ndi ana ake, adzaopa makinawo, ndipo mankhwala ena adzamthothola tsitsi. Ngakhale wochira amabwerera kumudzi ndi mantha oti nthendayo ibweranso. Makina akachuluka, omvetsera nawonso ayenera kuchuluka.

Nanga ife mabanja tichitepo chiyani? Tikaperekeza wodwala ku chipatala cha boma, tisachite manyazi kufunsa za namwino woona za matenda osapola ndi namwino woona za maganizo. Kukaonana nawo si chizindikiro cha misala. Ana athu amene ali ndi mtima wodekha tiwalimbikitse kuphunzira ntchito imeneyi, ndipo tisaiyese yotsika poiyerekeza ndi ya opaleshoni. Atsogoleri athu tiwafunse kuti maphunzirowa afike mpaka kwa alangizi a zaumoyo ndi magulu osamala odwala m'midzi, monga zidachitikira pa nthawi ya Edzi. Ndipo ife tonse amene timayendera odwala, ansembe, akatekisiti ndi a m'miphakati, tivomere kuti mtima wabwino pawokha sukwanira. Kangati tidafika pa khomo la wodwala ndi mawu ambiri, tikumuuza kuti alimbe mtima, iye asanatsegule n'komwe pakamwa? Nafenso tiyenera kukhala pansi ndi kuphunzira.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi wathu uja, tikamfunsa kuti wadzuka bwanji, adzayankha kuti ali bwino pang'ono, chifukwa ndiwo ulemu wake. Koma wina akakhala naye pa mphasa osayang'ana dzuwa, namfunsa kuti, "Amayi, pa zonsezi chimene chikukusowetsani tulo kwambiri ndi chiti?" kenaka nakhala chete, m'pamene katundu uja amayamba kutsika pamutu. Makolo athu ankadziwa kukhala pafupi ndi wodwala. Madokotala a m'zaka zapitazi adaphunzira zoyenera kufunsa ndi zoyenera kuchita nalo yankho. Ntchito ya mbadwo wathu ndi kulumikiza ziwirizi, kuti pasapezekenso munthu wa kwa Chimaliro wobwera kuchokera ku Gulupu ndi mankhwala m'thumba, koma wopanda womumvera.